Mlendo akafika, kompyuta imayamba yafunsa mfunda

Kumudzi mlendo salowa m'nyumba asanadziwike. Amayamba wapatsidwa mpando kapena mkeka, kulonjeredwa, kenako n'kufunsidwa kumene wachokera ndi mfunda wake. Akati ndi wa kwa Phiri kapena wa kwa Maseko, akuluakulu amayang'anana, ndipo mmodzi amatuma mwana kuti akaitane uje amene amadziwa anthu a kumeneko. Uje akabwera amafunsanso ake mafunso, ndipo akakhutira amanyamula chikwama cha mlendoyo n'kupita naye kwawo. Womudziwa akapanda kupezeka, mlendo amakhala pabwalo mpaka dzuwa kupendeka, ngakhale ali munthu wabwinobwino, poti palibe womuyankhira. Mwambo womwewu umachitika m'kati mwa kompyuta nthawi iliyonse munthu akalumikiza pulinta, fulashi kapena dongle. Umatha m'kamphindi, maso osauona, koma ndi umene umagamula ngati chipangizo chodya ndalama zambiri chigwire ntchito kapena chikachite dzimbiri m'kabati.

Nkhaniyi imalemera kwambiri ikafika ku malo ngati Matandani. Mishoni ya mpingo wa Seventh-day Adventist imeneyi inayamba mu 1908, patapita zaka 6 chiyambireni ntchito ya mpingowu ku Thyolo, pamalo omwe lero timati Malamulo. Ili m'mapiri a Neno, boma lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003. Pali sukulu, pali chipatala chaching'ono, ndipo kwa zaka zambiri malowa ankadziwika ndi kuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja. Koma amene anayendapo msewu wa ku Neno m'dzinja amadziwa kuti Blantyre ali kutali kuposa mmene mapu amanenera. Pulinta ikakana kugwira ntchito ku Limbe, munthu amangowoloka msewu n'kupeza mmisiri. Ikakana ku Matandani, ndiye ulendo wa tsiku lathunthu, mafuta ndi kabaza. Choncho ku malo otere, chipangizo chiyenera kuyesedwa ndi funso limodzi lomwe ogula ndi opereka mphatso ambiri salifunsa: kodi kompyuta yomwe ilipoyo ikuchidziwa dzina, ndipo dalaivala wake ali kale m'katimo? Mtengo, kukongola kwa katoni ndi kutchuka kwa kampani zonse zimabwera pambuyo pa funsoli.

Pakatikati pa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, kaya ndi Windows kapena Linux, pali gawo lotchedwa kernel. Ndilo limaima pakati pa mapulogalamu omwe timawaona ndi zitsulo zomwe timazikhudza. Pulogalamu yolembera makalata sidziwa mmene kiyibodi imatumizira chilembo, ndipo sifuna kudziwa. Imangodikira kuti kernel iibweretsere. Koma kernel nayo singadziwe payokha chilankhulo cha chipangizo chilichonse chopangidwa padziko lapansi. Pachifukwachi pali timapulogalamu tapadera, kalikonse kodziwa mtundu umodzi wa chipangizo, ndipo amisiri amatitcha madalaivala. Dzinali n'loyenera, pakuti woyendetsa thirakitala sangangokwera sitima ya panjanji n'kuiyendetsa. Tiona za Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, chifukwa zamkati mwake n'zosabisika ndipo aliyense angathe kuziwerenga. Lero kernel yake yapitirira mizere 30 miliyoni, ndipo yoposa theka la mizereyo ndi madalaivala okhaokha. Ntchito yaikulu ya kernel, tingatero, ndi kudziwa alendo.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi walowetsa chingwe cha USB m'laputopu. Magetsi a pa timawaya ta m'chingwemo amasintha pang'ono, ndipo kompyuta imazindikira kuti pakhomo pafika wina. Imachipatsa chipangizocho nambala ya malo, pakati pa 1 ndi 127, n'kuchifunsa kuti ndi ndani. Chipangizo chimayankha ndi kakalata ka mabayiti 18 okha, ndipo m'kakalatamo muli manambala awiri ofunika koposa. Yoyamba ndi ya kampani yopanga, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la USB Implementers Forum kampaniyo ikalipira: Huawei ndi 12d1, ZTE ndi 19d2, Realtek ndi 0bda, Zebra ndi 0a5f. Umenewu ndiye mfunda. Yachiwiri imasankhidwa ndi kampaniyo posiyanitsa katundu wake, ndipo ili ngati dzina la munthu payekha. Palinso nambala ina yonena gulu la ntchito: 03 kwa kiyibodi ndi mouse, 07 kwa pulinta, 08 kwa fulashi ndi zosungira zina. Zipangizo za m'kati mwenimweni mwa kompyuta, zolumikizidwa pa njira yotchedwa PCI, nazonso zimafunsidwa chimodzimodzi, ndipo kumeneko mfunda wa Intel ndi 8086, nambala yokumbutsa purosesa yake yotchuka ya 1978.

Kaundula ndi mthenga

Kudziwa dzina la mlendo n'chiyambi chabe. Chotsatira ndi kupeza womulandira. Wolemba dalaivala aliyense amaika m'pulogalamu yake mndandanda wa manambala omwe dalaivalayo angawatumikire. Ena amatchula mfunda ndi dzina lomwe, ena amangoti aliyense wa gulu lakutilakuti abwere. Kernel ikamaikidwa m'kompyuta, kapulogalamu kotchedwa depmod kamasonkhanitsa mindandanda yonseyo m'kaundula mmodzi, fayilo ya modules.alias. Tsono chipangizo chikadzitchula, kernel imalumikiza manambala ake kukhala mzere umodzi wotchedwa modalias, woyamba mwachitsanzo ndi usb:v12D1p1506, n'kuulengeza. Pulogalamu ya udev, yomwe imakhala tcheru ngati mthenga wa amfumu, imamva kulengezako, imatsegula kaundula, imapeza dzina la dalaivala wogwirizana ndi mzerewo, n'kumudzutsa kuchokera pa disiki pamodzi ndi anzake omwe iye amadalira. Dalaivala akalowa, kernel imayerekezanso manambala, kenako imamupatsa mpata woti achiyese yekha chipangizocho, gawo lotchedwa probe. Ali ndi ufulu wokana akaona kuti si chake. Akavomera, m'pamene mouse imayamba kuyenda. Kaundula akapanda kukhala ndi mzere wogwirizana, chipangizo chimayaka nyale, chimaoneka pamndandanda wa zolumikizidwa, koma chimangokhala duu.

N'chifukwa chiyani madalaivala sangokhala onse ali maso kuyambira kompyuta ikayatsidwa? Yankho lake aliyense wosunga chimanga akulidziwa: nkhokwe yonse sakhuthulira mumphika, amatapa za tsikulo. M'zaka zoyambirira za Linux, munthu akagula chipangizo chatsopano ankayenera kumanganso kernel yonse kuti dalaivala alowe. Pofika 1995 njira yoika madalaivala m'zidutswa zotchedwa module, zomwe zimalowa ndi kutuluka kompyuta ili chiyakire, inali itakhazikika. Mu 2003 Greg Kroah-Hartman anayambitsa udev, ndipo m'December chaka chomwecho munatuluka Linux 2.6, yomwe inabwera ndi dongosolo limodzi lolembera zipangizo zonse ndi madalaivala ake. Phindu lake limaonekera bwino pa laputopu yakale ya memory yochepa. Pa disiki yake pamagona madalaivala masauzande, koma odzutsidwa ndi okhawo omwe zipangizo zake zilipodi. Ndiponso fulashi imodzi yokhala ndi Linux ya Ubuntu kapena Debian imatha kudzutsa makompyuta khumi osiyana makampani ndi zaka, iliyonse n'kudzisankhira madalaivala ake popanda munthu kuiuza. Kwa sukulu yomwe makompyuta ake anabwera mmodzimmodzi, wina wa mphatso, wina wa kaunjika, izi si zazing'ono.

Umboni wa ubwino wa chipangizo chodzitchula moona uli m'manja mwa aliyense amene ali ndi buku la kuchipatala lomatidwa kapepala ka timizere. Mu 2001, bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, pamodzi ndi timapulinta tosindikiza timapepala tomata ndi masikana owerenga timizereto. Ku Neno nako, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambira 2007, limasunga mbiri ya odwala m'makompyuta pogwiritsa ntchito pulogalamu ya OpenMRS. Chochititsa chidwi ndi sikana ija. Masikana ambiri a mtunduwu akafunsidwa kuti ndi ndani amayankha kuti ndi a gulu 03, ndiye kuti kiyibodi. Akawerenga timizere, amangotumiza manambala ngati kuti kalaliki wawalemba ndi zala mwaliwiro. Dalaivala wa kiyibodi ali m'kompyuta iliyonse, choncho sikana ikawonongeka, ina ya kampani ina imalowa m'malo mwake popanda CD, popanda intaneti, popanda kuitana wina ku boma. Chipangizo cholankhula chilankhulo cha gulu lonse chimakhala ndi achibale paliponse.

Dongle inaphunzitsa mbali inayo ya phunziroli. M'zaka zomwe ma dongle a TNM ndi Airtel anali njira yaikulu yolowera pa intaneti kunja kwa mizinda, ambiri mwa iwo anali opangidwa ndi Huawei kapena ZTE, ndipo anali ndi kachinyengo kawo. Akalowetsedwa koyamba ankadzitchula kuti ndi CD, kuti Windows itsegule pulogalamu yobisika m'katimo n'kuika dalaivala. Pokhapokha pulogalamuyo itatumiza uthenga wapadera m'pamene dongle inkasintha dzina n'kukhala modem. Ina inkayamba ngati 12d1:1446 n'kusanduka 12d1:1506. Pa Linux kernel inkakhulupirira zomwe yauzidwa, n'kuitana dalaivala wa zosungira, intaneti osaoneka. Vutoli linathetsedwa ndi kapulogalamu ka usb_modeswitch, komwe kali ndi kaundula wakewake wa ma dongle odzibisa ndi mawu owavulira chigoba. Kaundulayo anadzazidwa ndi anthu a m'mayiko ambiri, aliyense kutumiza manambala a dongle yake. Chomwe chinasintha pa dongle si waya kapena chitsulo, koma mzere umodzi wa manambala womwe wina anavutikira kulemba, ndipo onse obwera pambuyo anaupeza uli kale m'kompyuta.

Apa ndi pamene mtunda wa ku Matandani umalowera m'masamu. Dalaivala amene ali kale pa disiki ndi waulere ndipo amadzuka ngakhale netiweki itasowa sabata yathunthu. Dalaivala amene ali pa intaneti amafuna bandulo, netiweki yokhazikika ndi magetsi osazima pakati pa ntchito, ndipo mapulogalamu a mapulinta ena amafika mamegabayiti mazana angapo. Choipitsitsa n'chakuti chipangizo chosowa dalaivala chikakhala chomwecho cholumikizira intaneti, munthu amakhala ngati wotsekera kiyi m'nyumba: kuti apeze dalaivala afunika intaneti, kuti apeze intaneti afunika dalaivala.

Zomwe otsutsa anganene

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za Linux, pamene m'masukulu ndi m'maofesi ambiri a m'Malawi muli Windows. N'zoona, koma mwambo wofunsa mfunda ndi umodzi. Windows imawerenga manambala omwewo, ndipo amene angatsegule Device Manager adzawapeza atalembedwa ngati VID_12D1 ndi PID_1446. Kachizindikiro kachikasu kamene kamaoneka pamenepo kamatanthauza mlendo wosowa womulandira. Kusiyana kuli pa amene amasunga dalaivala. Windows imabwera ndi madalaivala ambiri, koma ena ochuluka imakawatenga pa intaneti kapena kwa kampani yopanga, ndipo kampani ikaleka kusamala katundu wake wakale, pulinta yamoyo imafa ndi kusintha kwa Windows. Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zomwe makompyuta ambiri a kaunjika alibe. Pa Linux, dalaivala akalandiridwa m'kernel amasamalidwa pamodzi ndi kernel yonseyo, ndipo kawirikawiri amakhalabe zaka zambiri kampani itaiwala katunduyo. Amene akufuna kukhalabe pa Windows ali ndi ufulu, koma funso lija limamukhudza kwambiri kuposa mnzake.

Wina anganene kuti kukhulupirira zomwe chipangizo chanena ndi kupusa, pakuti mlendo amatha kunama mfunda. Mfundoyi ndi yolimba. Msika wadzaza ndi zingwe zotsika mtengo zokhala ndi tichipangizo tabodza tobwereka nambala za makampani ena, ndipo zingwe zotere ndi zomwe zimalumikiza kompyuta ku makina a sola kapena a mu labotale. Mu October 2014 kampani ya FTDI inatulutsa dalaivala wa Windows yemwe akapeza kachipangizo kabodza kotchula dzina lake, ankakasintha nambala kukhala 0000, moti kankasowa wokazindikira. Ovutika anali ogula, omwe sankadziwa n'komwe kuti anagula chabodza, ndipo anthu atadandaula kampaniyo inamuchotsa dalaivalayo. Osamalira Linux anangowonjezera nambala ya 0000 ija pamndandanda wa dalaivala wawo, zingwe n'kuyambanso kugwira ntchito. Chaka chomwecho ku Las Vegas, Karsten Nohl ndi Jakob Lell anaonetsa kuti fulashi ingasinthidwe kuti idzitchule kiyibodi n'kuyamba kulemba yokha malamulo oipa. Koma mankhwala a mlendo wabodza si kuthetsa mwambo wolandira alendo. Mwini kompyuta angalembe mzere m'fayilo yoletsa kuti dalaivala wa mafulashi asadzutsidwe konse pa kompyuta yosunga mbiri ya odwala, kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu ya USBGuard yomwe imalola zipangizo zodziwika zokha. Ulamuliro wotere umatheka kwa yekhayo amene akudziwa kuti kaundula alipo.

Linux nayo ili ndi pogwera pake, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kusocheretsa owerenga. Chipangizo chotuluka chaka chino chingathe kusapezeka m'kaundula wa kernel yoikidwa zaka zitatu zapitazo. Kernel yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 alionse, koma kompyuta yosalumikizidwa ku intaneti imakhalabe ndi yakale. Tizipangizo tina ta Wi-Fi timafuna fayilo ina yochokera ku kampani, yotchedwa firmware, ndipo ikasowa dalaivala amadzuka koma n'kugwira njakata. Vutoli linali lalikulu moti a Debian anachita kuvota mu 2022, ndipo kuyambira Debian 12 ya June 2023 mafayilowa amabwera pamodzi ndi pulogalamu yoikira. Mapulinta ena otsika mtengo amadalira pulogalamu ya kampani yokha ndipo kernel payokha singawathandize. Zonsezi sizikugwetsa mfundo yathu, zikungoinola: chatsopano kwambiri si ndicho choyenera kumudzi. Pulinta ya mtundu womwe wakhala pamsika zaka zingapo, womwe manambala ake analowa kale m'kaundula, imaposa yotuluka dzulo.

Enanso angati masiku ano zonse zili pa foni, ndiponso kuti mavuto enieni a Neno ndi msewu ndi magetsi, m'boma lomwe mtsinje wa Shire, wopukusa makina a Nkula ndi Tedzani, umadutsa m'malire mwake. Za msewu ndi magetsi palibe wokana, koma zimenezo zimafuna mabiliyoni, pamene kufunsa nambala sikufuna ngakhale tambala. Za foni nazo zikuchitira umboni mfundo yomweyi. Foni ya Android ili ndi kernel ya Linux, koma zambiri za m'kati mwake sizitha kudzitchula zokha ngati za USB. Kampani imalemba mndandanda wotchedwa device tree wouza kernel zomwe zilimo, ndipo madalaivala ena amakhala akeake a kampaniyo. Ikaleka kuisamalira, foniyo silandiranso kernel yatsopano ngakhale batire ndi galasi zili bwino. Laputopu yakale imene zipangizo zake zimadzitchula imalandira kernel ya chaka chino n'kupitiriza ntchito. Ndipo mayeso a sukulu, malipoti a mwezi ndi timapepala tomata pa mabuku a odwala zimafunabe pulinta yolumikizidwa ku kompyuta.

Chofunika kuchita n'chapafupi moti wophunzira wa Computer Studies angachikwanitse. Pa Linux, kulemba lsusb kumaonetsa mfunda ndi dzina la chilichonse cholumikizidwa, ndipo lspci -k imaonetsa za m'kati pamodzi ndi dalaivala yemwe wazilandira. Pamene dalaivala sanatchulidwe, mpofunika kufufuza. Wopita kukagula pulinta ku Blantyre atenge laputopu yomwe ikagwire nayo ntchito, azimitse intaneti, alumikize pomwepo m'sitolo, asindikize tsamba limodzi asanalipire. Komiti yolemba zofuna kugula ionjezere chiganizo chimodzi chakuti katunduyo agwire ntchito pa makompyuta omwe alipo popanda kutenga kanthu pa intaneti. Abale ndi mipingo ya kunja yotumiza mphatso ipemphedwe kutumiza manambala katundu asanakwere sitima, pakuti kukana mphatso itafika n'kovuta, koma kusankha isananyamuke n'kotheka. Ndipo pa sukulu kapena pa chipatala pakhale kabuku kolembamo manambala a zipangizo zomwe zinagwira ntchito, kuti wosamutsidwa asapite ndi nzeruzo m'mutu.

Matandani inatchuka ndi kuphunzitsa manja, ndipo kalipentala aliyense wophunzitsidwa bwino amayeza thabwa asanalicheke. Kuwerenga manambala asanu ndi atatu a chipangizo musanachigule ndi kuyeza kwa mtundu womwewo. Kernel imachita mbali yake mokhulupirika, kufunsa, kutsegula kaundula ndi kutuma mthenga, usana ndi usiku, netiweki ilipo kapena palibe. Chomwe singachite ndi kusankha alendo omwe timaibweretsera. Amene wakwera phiri la ku Neno ndi katoni pa njinga yamoto, n'kukapeza kuti za m'katimo palibe wozidziwa, akumbuke kuti funso lomwe kompyuta yafunsa m'kamphindi akanatha kulifunsa iye ali m'sitolo. Akale anati safunsa anadya phula.